Malaya Ofiira a Hollis

Mwamuna wanga Hollis ankadziwa kulira ngati mmbulu, ndipo a boma oona za nyama ankamulemba ganyu yomweyo. Ankakwera mapiri a kwathu ku Idaho mbandakucha, nkulira, kenako nkuwerenga mimbulu imene yamuyankha. Munthu yemweyo kale ankalumbira kuti mmbulu uliwonse adzauonetsa mfuti. Inamutembenuza ndi misondodzi ya kumtsinje kwathu. Agwape anali ataidya mpaka pansi, koma mimbulu, imene inali itatha kuno, itabwerera, agwapewo anasiya kugonera pamenepo, mitengo nkuphukanso, mbalame nazo nkubwera. Iye sanavomerepo kuti wasintha maganizo. Amuna a kuno kuvomera kumawapweteka ngati kuzula dzino.

Panali mmbulu umodzi waukazi, wa mawu osasa, umene unkayamba kumuyankha nthawi zonse. Hollis anautcha Dona. Ine ndinkamunena kuti walowa mitala osandiuza.

Hollis anamwalira mu Novembala. Anandisiyira ng'ombe makumi anayi, malaya ofiira asanu ndi limodzi, ndi kulira kwake m'foni yanga, kumene ndinajambula tsiku lina kuti ndizimuseka nako. Ndinamusowa koopsa. Anthu ankabwera ndi mbale za chakudya, koma dzina lake ankalizemba. Tsiku lina m'mawa ndinaima kuseri kwa khola, ndinakweza foni m'mwamba, Hollis nkulira. Patapita kanthawi Dona anayankha kuphiri. Ndinakhala pansi pa chipale chofewa nkulira nanenso, chifukwa padziko panali wina amene ankamudziwabe.

Ndinapitiriza m'mawa uliwonse mpaka mu Malichi, ng'ombe zitayamba kuswa. Mawu a Dona ankayandikira, ine nkumakondwera ngati chitsiru.

Kenako mlamu wanga Orval, mng'ono wake wa Hollis, amene ng'ombe zake zimadya limodzi ndi zanga, anafika ndi kathole kakufa kumbuyo kwa galimoto.

"Alamu, kachiwiri aka kugwidwa ndi mimbulu," anatero.

"Ndiye mwabwera nako kuti ndikaukitse?"

"Ndabwera kuti musiye kuyimbira mimbulu foni. Ndimakumvani, Verna, sindine gonthi. Achimwene ankakalirira kuphiri, kutali ndi ziweto. Inu mukulirira pakhomo. Dona akuyesa kuti m'dera lake mwalowa mlendo, akutsika ndi ana ake kudzamuona, nkupeza nyama yosatha kuthawa."

"Mwakhala liti katswiri wa mimbulu, inu amene galu wanu yemwe sakumverani?"

Sanaseke. "Kachitatu kakangofa, a boma abwera ndi ndege kudzawombera gulu lonse. Ine sindiwaletsa."

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ndikumva Hollis akulangiza anthu zomwezo patebulo langa lomwe.

Kuno timatchinga ng'ombe zoswa ndi chingwe cholendewera tinsalu tofiira. Mimbulu imaopa kudutsa pamenepo kwa milungu ingapo, ndipo milungu imeneyo imakwana kuti matole alimbe miyendo. Ndinaimbira anansi, koma zingwe zonse zinali zitabwerekedwa kale. M'nyumba mwanga zofiira zinali nsalu yapatebulo ya pa Khirisimasi ndi malaya aja.

Ndinayamba ndi nsalu yapatebulo. Sinafike ngakhale pangodya yoyamba ya mpanda. Malaya oyamba ndinawadula msanga ndisanaganize. Omaliza, ong'ambika pachigongono, anali akununkhirabe fodya wake, ndipo sizasi inandilemera. Orval anandithandiza kumanga chingwe masana onse. Atafika pa kansalu kokhala ndi batani anakagwira kanthawi, kenako nkukamanga.

Mawa lake ndinadzuka nthawi yanga yomwe ija, miyendo nkunditengera yokha kuseri kwa khola. Tinsalu tinkakupiza ndi mphepo. Pa chipale panali mapazi akuluakulu amene anafika pafupi ndi chingwe, nkuzungulira, nkubwerera kuphiri. Matole onse anali amoyo.

Kenako Dona analira, iye kuyamba popanda womuitana, zimene anali asanachitepo. Anadikira. Analiranso, motalika, ndi mawu ake osasa aja. Foni inali m'thumba mwanga, chala changa chili pomwepo. Ndinkadziwa bwino mmene zimawawira kuitana munthu amene sayankha, ndipo ndinamusiya aitane.