Landirova Yopaka Laimu

Anthu a ku Ndirande ankati a Jameson ndi a mitala: mayi Ida m'nyumba, ndi Landirova yakale ya asilikali kuseri kwa nyumba. Anaigula pa okushoni itafa kale, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo kwa zaka ndithu ankaidzutsa pang'onopang'ono ndi zitsulo zotola kumsika. Chimene ankafuna chinali chimodzi: pa ukwati wa mwana wawo Thandie, mkwatibwi ndi amayi ake akwere imeneyo popita kutchalitchi, osati Landikuruza ya a Mackford.

A Mackford anali aneba awo, mkulu wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma. Loweruka lililonse awiriwa ankatsegula maboneti moyandikana n'kuyamba kunyozana mwaulemu.

"Yanuyi, achimwene, imasiya oyilo paliponse ngati mwana wosavala thewera," ankatero a Mackford.

"Koma bodi yake sichita dzimbiri," ankayankha a Jameson. "Yanuyo ikudyeka. Tsiku lina mudzafika kuntchito mutagwira chiwongolero chokha."

Injini italira, a Jameson anaipaka penti wobiriwira weniweni wa asilikali, anakoka tenti yatsopano kumbuyo, n'kupita nayo kumsika kukaiyesa. Anthu anapatuka msanga. Mavenda ananyamula tomato wawo, ndipo mkulu wina anayamba kupisa m'matumba kufuna khadi la chipani, chonsecho nthawi ya makhadi inali itatha, anthu atavota kale. A Jameson anabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba, ati umenewo ndi ulemu.

Mayi Ida anaiyang'ana pawindo kwa kanthawi. "Bambo a Thandie, ine imeneyi sindikwera. Yonga iyi ndi imene inatenga alongo anga a Yakobe, ndipo sanabwerenso."

A Jameson anachita manyazi kwambiri. Nkhaniyo ankaidziwa bwino, kungoti zaka zonsezi maso awo anali m'injini.

Panalibenso kuchitira mwina koma kusintha penti. Vuto linali lakuti masiku amenewo mtundu uliwonse unali ndi eni ake. Wachikasu unali wa chipani china, ukapaka anthu azikuimitsa panjira kupempha nsalu. Wofiira ndi wakuda inali ya chipani chakale. A Mackford anabwera akumwetulira ndi chitini cha wabuluu, wa chipani chokondedwa kwawo, ati angothandiza monga neba. A Jameson anathokoza n'kuwauza kuti akapake khola la nkhuku. Penti woyera wa galimoto sanapezeke, ukwati uli mawa lake. Ndiye anachita zimene munthu amachita kunyumba kukamabwera alendo: anasungunula laimu mundowa, n'kupaka galimoto yonse ndi burashi ya khoma.

"Mwamanga nyumba yoyenda, achimwene," anatero a Mackford. "Pangotsala khonde."

M'mawa wa ukwati Landirova inali mbee, maluwa a mapepala ali paboneti. Mayi Ida anaizungulira, anaseka mpaka kugwira m'chiuno, kenako anakwera kutsogolo, Thandie ali pakati. A Mackford ankatsatira atanyamula ankhoswe.

Atangodutsa pamsika, mvula ya Disembala inayamba popanda kuodira. Laimu anayamba kuyenderera ngati phala, choyamba paboneti, kenako m'zitseko, ndipo wobiriwira uja anaonekeranso yense. A Jameson anaimika galimoto pambali. Kumbuyo a Mackford anali atatsegula kale chitseko cha Landikuruza, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Mayi a Thandie, mukhoza kutsika," anatero a Jameson osawayang'ana. "Ya a Mackford ndi iyo." Mawu amenewa anawanena ndi mtima wonse.

Mayi Ida anayang'ana paboneti. Kenako anagwira chitseko, anachitsegula pang'ono mpaka mvula inawanyowetsa phazi, n'kuchitsekanso.

"Chikutseguka," anatero motsitsa mawu, akukumbuka galimoto imene inatenga a Yakobe. "Ndipo iyi ndikudziwa kumene ikundipititsa. Yendetsani, mwana achedwa."

A Jameson anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kulowetsa giya. Landirova inakwera mtunda wa kutchalitchi ikusiya laimu ndi oyilo mumsewu, a Mackford akutsatira pambuyo.