Miyala ya M'makope a Amjomba

Hashim anawaona komaliza amjomba ake, a Sidiki, Lachisanu masana anthu akutuluka mu mzikiti pa Senga Bay. Anali atakwera kale kabaza, mkanjo ataukwinyira m'maondo, chimanga chootcha chili kudzanja. Khutu lakumanja linali mbuu ndi choko, poti ndi pamene ankachipanikiza akamaphunzitsa masamu. Anamugunda wakabaza ndi chigongono kuti aime, n'kufunsa mwana wa mlongo wawoyo mmene kalikulasi, masamu ovuta aja, ikuyendera ku koleji. Hashim anati ikuyenda. Iwo anati ngati ikuyenda, abwere kusukulu Lolemba, ana a Fomu 4 adzaone kuti wa ku koleji nayenso ali ndi mutu umodzi ngati iwo. Njinga inanyamuka akutafunabe.

Lolemba Hashim sanapite. Ku koleji anali atamuwida, kumuchotsa chifukwa cholephera mayeso, ndipo chimene chinamugwetsa kawiri konse ndi kalikulasi yomweyo. Kunyumba anangonena kuti aphunzitsi akunyanyala ntchito. Pothawa manyazi anapita ku Chitala kwa mnzake, ati kukathandiza kumunda. Lachitatu m'mawa a Sidiki anagwa pakhonde akuvala nsapato. Maliro a Chisilamu sagona. Pamene uthenga umamupeza Hashim m'chimanga, jeneza linali litanyamuka. Anapeza mthumbira, ndi anthu akubweza mikeka.

Patatha sabata ziwiri kunabwera a hedi a pasukulupo, Mayi Tionenji, atanyamula makope asanu m'jumbo. Anali makope okonzera maphunziro a malemuwo, kuyambira aljebura ya Fomu 1 mpaka Adishono, masamu owonjezera a ana olimba mtima, momwe muli kalikulasi. Analembetsa mayeso a Adishono anali atatu okha: Layla, Ufulu ndi Beauty. Mphunzitsi wina wa masamu anali atanena kale kuti iye amathera pa magirafu, kupitirira apo n'kwa eni ake. A hedi anati akapanda kupeza munthu awauza anawo asiye phunzirolo, ngakhale Layla amalidalira kuti akatengedwe za uinjiniya. Ndiye poti kuno kuli munthu wa ku koleji amene akungodikira kuti anzake asiye kunyanyala, bwanji ayese mwezi umodzi, kenaka iwo adzaona chochita. Mayi ake a Hashim anavomera iye asanatsegule pakamwa.

Tsiku loyamba anakopera pabolodi tsamba lonse mmene linalili, mwaulemu, ngati akukopera mawu opatulika. Atamaliza anapukuta manja. Beauty ankaluma cholembera. Ufulu ankayang'ana kudenga kuti asaseke. Layla anakweza dzanja.

"Sala, mwalawu mwatidyetsa dala, kapena nanunso mwaumeza?"

Hashim anatembenukira ku bolodi. Pa mzere wachinayi, pamene 3 wa pamwamba pa x amatsikira kutsogolo n'kusiya 2 pamwambapo, m'kopemo panali patatsalabe 3.

Mwambowo ankaudziwa, poti nayenso anadutsa m'manja omwewo. Pa phunziro lililonse a Sidiki ankaika cholakwa chimodzi mwadala, ndipo ankachitcha mwala. Ankati wodya mpunga wa ku Chinguluwe wopetedwa bwino amameza akuwodzera, koma ukamuuza kuti muli kamwala kamodzi, amatafuna ndi mutu wonse. Wopeza mwala ankapatsidwa choko chathunthu. Chimene Hashim sankadziwa n'chakuti miyalayo inkalembedweratu m'makope, popanda kachizindikiro kalikonse. Mwini wake ankaidziwa pamtima.

Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yopeta. M'mawa uliwonse, akachoka ku swala, ankakhala pa bwato lakale lovundikira kuseri kwa matandala a usipa, kope pabondo, kufunafuna mwala wa tsikulo asanapite kukalasi. Amayi oyanika usipa ankamufunsa ngati akuwerenga nsomba za m'nyanja. Iye ankati ayi, akutsutsana ndi wakufa, ndipo wakufayo ndiye akupambana. Kuti upeze mzere wolakwa umayenera kudziwa chifukwa chake mizere inayo ili yolondola, ndipo zimene zinamukanika zaka ziwiri m'chipinda cha anthu mazana awiri zinayamba kulowa pa bwatopo. Zinkamupsetsa mtima. Akapeza mwala ankaseka yekha n'kunena kuti, mdala iwe, kenaka n'kukumbukira kuti palibe womuuza.

Sabata yachitatu tsamba lina linatuluka ndi miyala iwiri. Hashim anaganiza kuti amjomba anali atakondwa tsiku limenelo. Lotsatira linali ndi itatu. Zilembo zinayamba kupendekera, manambala kukula ngati olembedwa ndi munthu amene sakuona bwino. Pena chizindikiro chochotsera chinasowa, pena mzere womwewo unalembedwa kawiri. Pofika pa integireshoni, masamu opezera kukula kwa malo a pansi pa mzere wokhota, tsamba limodzi linali ndi zolakwa zisanu ndi chimodzi, ndipo china Hashim sanathe kuchikonza ngakhale anakhala pa bwatopo mpaka dzuwa kumuotcha khosi.

A Sidiki ankakonzeratu maphunziro a kutsogolo, ndipo ankalemba tsiku pamwamba pa tsamba. Hashim anawerenga masikuwo. Onse anali a nthawi imene iye anali pakhomo pomwepo, nyumba zinayi zokha kuchoka kwa amjomba, akuzembera njira ya kumsika kuti asakumane nawo. Munthu ankadwala akuona yekha, ndipo mwana wa mlongo wake ankabisala kuseri kwa mpanda kuopa funso limodzi.

Tsiku limenelo ndi limene a hedi anasankha kudzaonerera. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera lopanda galasi, kabuku kali pamiyendo. Hashim akanatha kubwereza phunziro ladzulo, limene ankalidziwa bwino. M'malo mwake analemba tsamba lonse loipalo pabolodi, n'kuika choko pansi.

"Apa pali zolakwa sikisi. Chimodzi ndi mwala. Zinazo amjomba sanachite dala, ankadwala. Ndakonza zisanu, chachisanu ndi chimodzi chandikanika. Komanso ku koleji kulibe kunyanyala. Anandiwida, chifukwa cha masamu omwewa."

Ufulu anakanda kumutu n'kunena kuti za kuwidwazo ngakhale akabaza akuzidziwa, kunyanyala kwa miyezi inayi kukanamveka pa wailesi. Beauty anamuponda phazi.

Layla ndiye anafotokoza zinazo, maso ali pa desiki. Anati masabata omaliza a Sidiki ankalakwitsa katatu, kanayi pa phunziro limodzi, ndipo ankaima nthawi yaitali atagwira bolodi. Atatuwo anapangana kuti cholakwa chilichonse azichitcha mwala. Akachipeza ankakuwa monga mwa masiku onse, ndipo aphunzitsiwo ankaseka n'kunena kuti eya, ndimakuyesani. Choko chimene anawo analandira masabata amenewo chinadzaza kachitini.

"Iwo ankadziwa kuti mukudziwa?" anafunsa Hashim.

"Sitinawafunse, sala."

Hashim anafuna kufunsanso ngati amjombawo za iye ankazidziwa, koma anaona kuti yankho likhala lomwelo. Anatola choko n'kuchithyola panayi.

Anaima onse pabolodi, mapewa kugundana. Beauty anayambira pansi kukwera m'mwamba, Ufulu ankayesa manambala ang'onoang'ono kuti aone pamene yankho likupatukira, Layla ndi Hashim ankakangana za mzere wachitatu mpaka kuiwala kuti wina ndi mphunzitsi. Belu linalira, palibe anatuluka. Cholakwacho anachipeza Beauty, amene chiyambire anali asanapezepo mwala: malire awiri a integireshoni anali atasinthana, apamwamba ali pansi. Anakuwa mpaka a Fomu 2 anasuzumira pazenera.

A hedi anatseka kabuku kawo. Potuluka anamuitanira Hashim pakhonde n'kumuuza kuti akanakonda kumva za ku kolejizo tsiku lija anabwera ndi jumbo, osati pamaso pa ana. Iye anapepesa. Anamufunsa kuti makope atsala masamba angati, iye anati anayi, ndipo mitu iwiri yomaliza amjomba sanaifike. Anamufunsa ngati angaithe popanda kope. Anati sakudziwa, koma m'mawa uliwonse amakhala alibe chochita china.

Mayi Tionenji anayang'ana m'kalasimo, mmene Beauty ankavinira choko chake chathunthu, n'kunena kuti anawo salisiya phunzirolo. Atatu onse analowa m'chipinda cha mayeso a Adishono Lachinayi, pa 11 Julaye, 2024.