Njinga ya a Shumeka

Lachiwiri pa 2 Julayi, nthawi ili 10 koloko m'mawa, mamembala awiri a kalabu yathu anakatenga njinga ya olumala kwa munthu wa mwendo umodzi, n'kumusiya pakhonde la shopu. Ine ndine mlembi wa kalabuyo, ndiye masiku onsewa ndili nawo m'buku.

Kalabu yathu ndi yothandiza ovutika. Tilipo 18. Timakumana Lachitatu lililonse masana m'chipinda chapamwamba cha hotela, timadya, timasekana mimba, kenako timakamba zachifundo. Amene anasiyidwa pakhondeyo ndi a Shumeka, omwe akhala akusoka nsapato zanga zaka 11 pakhonde la shopu ya zitsulo. Mu Malichi anawadula mwendo wakumanzere chifukwa cha matenda a shuga. Mwini shopu anawasungira malowo, koma anati akapanda kubwerera pofika kumapeto kwa Juni, khondelo alipereka kwa wokonza mafoni. Kuchokera kunyumba kwawo kufika pashopupo ndi makilomita awiri. Ndodo anayesa, zinakanika. Dzina lawo ndinalipereka ndine kuti kalabu iwapezere njinga, ndipo panalibe wotsutsa.

Njinga inafika pa 5 Juni. Koma tili ndi lamulo nambala 14: mphatso iliyonse iperekedwe ndi pulezidenti wa kalabu atavala tcheni chake chaudindo, pajambulidwe chithunzi, ndipo pamphatsopo pakhomedwe kachitsulo kolembedwa dzina la pulezidentiyo ndi chaka chake. Pa 12 Juni kachitsulo kanali kasanabwere. Pa 19 kanabwera, koma pulezidenti, a Loya, anali ku mlandu kutali. Pa 26 zonse zinalipo. Vuto linali loti nthawi ya a Loya imatha pa 30, ndipo olowa m'malo mwawo, amene timawatchula a Matayala chifukwa cha malonda awo, anaimirira foloko ili m'manja.

"Anzanga, chaka cha a Loya chadzaza kale. Mjigo, mabulangete, mabuku. Ine ndilowe chimanjamanja?"

"Muyambe ndi kugawa matayala akutha aja," anatero a Dokotala, membala wathu wozula mano, anthu n'kufa nacho chiseko.

Ndinawakumbutsa tsiku limene mwini shopu ananena.

"A mlembi, khonde lili ndi miyendo kuti lithawe?" anatero a Matayala. "Munthu wadikira miyezi itatu, masabata awiri amupha?"

Tinavota. Anthu 10 anati tidikire mpaka pa 10 Julayi, 7 tinakana. A Loya sanavote, ankapukuta magalasi.

Kiyi wa chipinda chosungiramo katundu ku hotelako ankakhala ndi ine. Lachinayi pa 27, nditaweruka, ndinaika njinga m'galimoto n'kukaisiya kwa a Shumeka. Anaiyesa pabwalo, anagunda ndowa, anagunda chingwe choyanikapo zovala, kachitatu anakhota bwinobwino. Lachisanu pa 28 anali pakhonde lawo, phula ndi ulusi m'manja. Tsiku lomwelo ndinalembera a Loya ndi a Matayala kuwauza zimene ndachita. Palibe anayankha.

Za pa 2 Julayi ndinazimva m'mawa wa Lachitatu pa 3, kwa akazi a a Shumeka. Analowa mu ofesi yanga osagogoda, mpando anaukana.

"Achimwene, tinakulakwirani chiyani?"

"Zatani, mayi?"

"Anzanu abwera dzulo, wamimba uja ndi wozula mano. Bambo ali pa kampando kawo akusoka, njinga aipinda pambali. Akuti tikungokakhoma kachitsulo, ikamakwana 12 tabweza. Bambo n'kuthokoza, mwamva? Kuthokoza! Ine ndikufika 5 koloko, munthu ali pompo, chikhalireni m'mawa. Madzi osamwa poopa kuti akafuna kutaya madzi apita bwanji."

"Ndiye munafika bwanji kunyumba?"

"Pa wilibala. Ya mu shopu muja, yatsopano, mtengo uli chomatira. Ndinawakankha ine, msewu wonse wa kumsika, anthu amene amawasokera nsapato akuyang'ana. Zaka 30 tili pabanja sindinawaonepo akulira. Ngakhale tsiku lodula mwendo lija."

Ndinatseka ofesi. Ndinawafunsa ngati angabwere nane ku msonkhano, iwo anati akanabwera ngakhale ndikanapanda kufunsa.

Kwathu mlendo aliyense timamulandira ndi m'manja, ndipo amapatsidwa mbale. Mayiwo atalowa, a Matayala, tcheni chili pakhosi koyamba, analiza kabelu, anthu n'kuwomba m'manja. Woperekera zakudya anabwera ndi mbale. Mayiwo sanaiyang'ane.

"Ndabwera kudzatenga njinga ya amuna anga."

"Mayi, khalani pansi kaye, musatekeseke," anatero a Matayala. "Palibe walanda kanthu. Tangoitenga kuti tikupatseni bwinobwino."

"Mutipatse chinthu chimene tinali nacho kale?"

"Munalibe, mayi. Sichinaperekedwe. Eti a Loya?"

A Loya anakhosomola. "Potsata lamulo 14, ikadali katundu wa kalabu."

"Ndiye masiku asanu aja amuna anga amakwera chiyani, mphepo?"

Wina kumapeto kwa tebulo anayamba kuseka, n'kuzimeza.

Ndinatembenukira kwa a Dokotala, amene anapita ndi a Matayala tsiku lija. Ndinawafunsa ngati anaona kuti munthuyo ali ndi mwendo umodzi.

"Ine ndimayesa tibweza masana omwewo," anatero, maso ali m'mbale.

"Ndani ananyamula njinga kuika m'galimoto?"

"Aaa, a mlembi, mwasanduka apolisi?"

"Ndikufunsa kuti ndilembe zoona. Ndani?"

"Ndine."

A Matayala analiza kabelu kawiri. Anati amene wabweretsa chisokonezo chonsechi ndi munthu mmodzi, wotenga katundu wa gulu mwakuba, ndipo wayalutsa kalabu pamaso pa mlendo. Ndinati ndinalemba kalata pa 28 Juni, ndipo wakuba salemba kalata. Ndinati njingayo ili pansi pa chipinda chino, masitepe 22 kuchokera pamene takhala, ndipo tcheni chilipo, kachitsulo kakhomedwa, foni yojambulira aliyense ali nayo m'thumba. Titsike, tikwere magalimoto, mphindi khumi tikhala tapereka.

"Mwambo wanga woyamba ujambulidwe ndi foni?" anatero a Matayala. "Pakhonde la misomali? Ndaitana kale wojambula ndi alendo pa 10."

Ndinapempha kuti tivote. Anati nkhaniyo sinali pa ndondomeko ya tsikulo. Kenako anandiuza kuti ndipereke kiyi. Ndinauponya patebulo, unagwera mu msuzi wa a Loya, ndipo sindinapepese.

Mayiwo anali atafika kale pakhomo. Anatembenuka.

"Bambo a tcheni, nsapato mwavalazo ndikuzidziwa. Zidendene anaika ndi amuna anga. Muziyang'ane bwino, chifukwa ndi zomaliza."

Lachinayi pa 4 ndinapita ku hotela kukaona ngati woyang'anira angandithandize. Loko anali atasinthidwa. Lachisanu pa 5 kalata inapita kwa a Shumeka, yolembedwa ndi a Matayala eniake, yowaitana kudzalandira mphatso pa 10 Julayi nthawi ya 12:30, m'chipinda chapamwamba, atavala bwino. Za mmene munthu wa mwendo umodzi angakwerere masitepe aja kalatayo sinanene. A Shumeka anaiwerenga ine ndili pomwepo, anaipinda kanayi n'kundipatsa.

"Bwana mlembi, mukawauze kuti zikomo. Ine pa wilibala ndinakwera kale, pamsana pa mkazi wanga sindikwera."

Pa 10 Julayi panali maluwa, wojambula, ndi alendo 23. Njinga anaikweza anthu awiri, anaimanga riboni. Anadikira mpaka 2 koloko. Popanda wolandira palibe chithunzi, popanda chithunzi palibe kupereka, choncho anaitsitsa n'kuitsekeranso. A Matayala anauza alendo kuti masiku ano anthu ena sayamika. Mawu amenewo ndinawalemba monga anawanenera, ndi nthawi yake.

Dzulo ndinakaonana ndi mwini shopu. Anati popeza a Shumeka anabwerako masiku angapo, awadikira mpaka Lolemba pa 15, osapitirira. Wokonza mafoni wabweretsa kale tebulo lake, lili mkati mwa shopu. Ndayesa kubwereka njinga ina m'malo atatu, konse akuti zilipo n'zakutha. Pempho langa loti kalabu ikapereke njingayo kunyumba, losainidwa ndi mamembala 8, a Dokotala ali m'gulumo, alivomera kuti likambidwe pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi pempho la a Matayala loti ndichotsedwe ulembi. Msonkhanowo ndi Lachitatu pa 17. Lero ndi Lachisanu pa 12.