Inshuwalansi ya Mafoni Awiri

Jenifer Zuze anatulukira nkhaniyi Loweruka lina m'mawa, atapita kwa ejenti wa pamsika wa ku Chimwankhunda kukatapa ndalama za lendi. Alendi ake awiri ankalipira pa nambala ya malemu amuna ake, a Morris, ndipo iye sanafune kuisintha ngakhale panali patatha miyezi isanu ndi itatu chiwaikireni m'manda kwawo ku Bangula.

"Sizikukwana, mayi," anatero ejentiyo. "Mukufuna K60,000, koma yaperewera K2,500."

"Yaperewera bwanji? Onse alipira dzulo."

Ejentiyo anatenga foni n'kuyamba kufufuza mauthenga akale. "Akudulani a inshuwalansi. Onani apa. Mwezi wathanso, mwezi winawonso. Ndi inshuwalansi ya foni imeneyi. Simukuidziwa?"

Jenifer sankaidziwa. Mauthenga achingerezi obwera pafonipo ankangowadumpha, poganiza kuti ndi aja okopa anthu kugula mabando. Ndipo kafoni kamene anali nako m'manja kanali kamabatani, kothetheka pakona, kosayenera n'komwe kulipirira inshuwalansi. Ali m'njira kubwerera kunyumba m'pamene anakumbukira. Zaka zitatu zapitazo a Morris anagula foni yaikulu pangongole m'sitolo ina ku Limbe. Sinathe nawo miyezi inayi. Anawasolola m'minibasi pa Ginnery Corner akuchokera kuntchito, ndipo anadandaula sabata yathunthu, kenako anakabwezeretsa nambala yawo n'kuiika m'kafoni kakaleka. Ndiye kuti nthawi yonseyi ankalipirira chinthu chimene chinali m'thumba la wakuba.

Anakhala pakhonde n'kuwerengetsa pachikuto cha buku la nyimbo. Zinakwana K90,000. Mtima unamuwawa, pokumbukira kuti mwezi womaliza wa matenda a amuna ake anagulitsa wailesi kuti agule mankhwala amene kuchipatala kunalibe.

Lolemba anapempha theka la tsiku kufakitale ya sopo ku Makata kumene ankagwira ntchito yolongedza. Kapitawo anamulola monyinyirika. Ofesi ya kampani ya inshuwalansiyo inali pansanjika yachitatu m'tauni, ndipo atadikira maola awiri pabenchi anaitanidwa ndi mtsikana wina wovala baji yolembedwa kuti Sharon.

Sharon anamvetsera bwinobwino, anapepesa za maliro, kenako anati sangatsegule faelo ya munthu wina popanda kalata ya imfa, mtchatho wa ukwati ndi chiphaso cha malemu.

Mtchatho unali m'sutikesi. Kalata ya imfa inali nayo. Koma chiphaso anatenga ndi a Bonface, akulu awo a malemu, tsiku la maliro, ati akalongosolere za penshoni. Jenifer anawaimbira ali pamasitepe.

"Mukufuna chiphaso cha chiyani, alamu?"

Anawafotokozera. 

"Zisiyeni zimenezo," anatero a Bonface. "Tindalama tochepa ngati timeneto mungavutikire? Ingotayani nambalayo, basi."

"Kwa inu n'tochepa. Kwa ine ndi malipiro a mwezi."

Zinatenga masabata awiri kuti achipereke. Tsiku lina ankati ali ku Nchalo, tsiku lina chasowa m'nyumba. Mpaka Jenifer anakawadikirira pageti la kuntchito kwawo ku Limbe nthawi ya nkhomaliro. Anachitulutsa m'chikwama chawo cha m'thumba momwe chinali nthawi yonseyi, ndipo pomupatsa sanamuyang'ane kumaso.

Ulendo wachiwiri kapitawo anati adula tsikulo pamalipiro. Jenifer anapitabe. Sharon analandira mapepala onse, anagogoda pakompyuta, n'kufotokoza pang'onopang'ono ngati woopa kumulasa. Foni yobedwayo anayenera kudzanena pasanathe masiku makumi atatu, ali ndi kalata ya kupolisi. Poti sanatero, ndalama za zaka zam'mbuyozo sizingabwezedwe. Zimene akanatha kubweza ndi za miyezi imene inadulidwa mwini wake atamwalira kale.

"Ndiye kuti munkadya ndalama za munthu wopanda foni, inu osafunsa?"

"Sitikanadziwa, mayi. Komanso foni inayo ikugwirabe ntchito. Chaka chatha tinaikonzetsa galasi."

"Foni inayo iti?"

Sharon anasiya kugogoda. Anayang'ana Jenifer, anayang'ananso pakompyuta. "Analembetsa mafoni awiri tsiku limodzi. Ina yawo, ina ya Amisa Zuze. Apa analemba kuti ndi mwana wawo."

Jenifer anamva ngati benchi yonse yapendekeka. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anakhala ndi a Morris opanda mwana. Anayenda m'zipatala, anamwa zowawa za asing'anga, anapirira mawu a apongozi ake pa Khirisimasi iliyonse. A Morris ndi amene ankamutonthoza, amvekere, "Zisiye Jeni, mwina vuto ndi ine." Ankanena choncho akudziwa.

"Mayi, ndikupatseni madzi?"

"Ayi. Ndilembereni nambalayo."

"Sindiloledwa kupereka nambala ya munthu." Sharon anatsitsa mawu. "Koma pepala la inshuwalansili ndi lanu tsopano, ndikusindikizirani lonse. Za kutseka, mukasaina fomu iyi zonse zithera pomwepo, mafoni onse awiri. Ndalama zibwera pakatha masabata atatu."

Jenifer anatenga fomuyo osasaina. Anatsika masitepe atagwira khoma. Panja dzuwa linali litakwera, oitanira minibasi akukuwa za Limbe ndi Chilomoni, ndipo iye anangoyenda osadziwa kumene akulowera mpaka anapezeka atakhala pakampanda ka sitolo ina yotsekedwa. Nambala inali patsamba lachiwiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimba, pa kafoni ka a Morris komweko.

Inangoitana kamodzi.

"Halo?" Mawu a mtsikana. "Halo? Ndani?"

"Ndine Jenifer. Mkazi wa a Morris."

Anamva mtsikanayo akupuma mwamphamvu. "Pepani, amayi. Dzina limene latuluka pafoni ndi la adadi. Ndinadzidzimuka."

Jenifer anali atakonza mawu olasa, koma onse anamuthawa. Anangofunsa kuti ali kuti. Mtsikanayo anati amagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo amapuma wani koloko.

Anakumana kuseri kwa sitoloyo, pamene amatayira makatoni. Jenifer sanafunikire kufunsa kuti ndi uti. Chipumi chinali chomwecho, ndi kaimidwe kopendeketsa phewa lakumanzere. Amisa anagwada pang'ono popereka moni, manja ali pamodzi.

"Uli ndi zaka zingati?"

"Nayintini."

Jenifer anachotsera mumtima. Anabadwa zaka zitatu ukwati wawo usanachitike. Anayembekeza kuti zimenezi zimupepukitsa, koma sizinatero.

Amisa anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Mayi ake anali a ku Mangochi, anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo anakulira kwa azakhali ake ku Bangwe. Bambo ake ankabwera kamodzi pamwezi, ankamulipirira sukulu, ndipo foniyo anamugulira atakhoza mayeso a Fomu 2. Anamuletsa kuimba pa nambala yakunyumba. Za imfa anamva patatha masabata awiri ataikidwa, kwa a Bonface, amene anamuuza kuti asayerekeze kufika ku Chimwankhunda.

"Ankati adzakuuzani," anatero Amisa. "Chaka chilichonse ankati chaka chino."

"Sanandiuze."

"Ndikudziwa, amayi."

"Usanditchule amayi."

Mawuwo anatuluka mwaukali kuposa mmene ankafunira. Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera, misozi ili chuchuchu, osaipukuta. Jenifer anatulutsa fomu ija n'kumufotokozera za inshuwalansi, kuti akufuna kuitseka. Amisa sankadziwa n'komwe kuti ndalamazo zimachoka kuti. Galasi litasweka, bambo ake anangotenga foniyo n'kuibweza itakonzedwa.

"Tsekani," anatero. "Ndikanadziwa ndikanakuuzani kale. Koma ndipemphe chimodzi. Sindidziwa pamene anagona. Mukangondiuza mudzi wake, ndikafunsa ndekha."

Jenifer anapinda fomu ija n'kuiika m'chikwama. Mwini sitolo anaitana kuchokera mkati, ndipo Amisa anapepesa n'kuthamangira kuntchito.

Madzulo a tsikulo, asanakwere minibasi, Jenifer anadzera kwa a Bonface. Anawapeza akutseka ofesi.

"Munkadziwa nonse?"

"Alamu, mng'ono wanga ankaopa kukupwetekani. Inu munali pamavuto a kusowa mwana, ndiye akanayamba bwanji?"

"Amayi anu ankadziwa?"

A Bonface anayang'ana makiyi m'manja mwawo.

"Ankadziwa, n'chifukwa chake ankanditukwana molimba mtima," anatero Jenifer. "Ndipo mwana uja munamuletsa kulira bambo ake. Munamuopera ndani? Ine, kapena penshoni?"

Sanadikire yankho.

Fomu anakaisiya Lachisanu, atasaina. Masabata atatu anakhala asanu ndi limodzi, ndipo anaimba kanayi asanaone uthenga wa K22,500 pafoni. Atachotsa za minibasi, za mafotokope ndi tsiku limene anamudula kuntchito, zotsala sizikanagula ngakhale thumba la chimanga. Anazisiya momwemo osatapa.

Masiku amenewo tulo sankationa bwino, ndipo kuntchito anamukalipira kawiri chifukwa cholongedza sopo mopereweza. Chithunzi cha ukwati chimene chinali pabalaza anachichotsa n'kuchiika m'sutikesi, mawa lake anachibwezera, kenako anachichotsanso. Kutchalitchi amayi anzake ankamufunsa ngati akudwala. Iye ankangoti ndi mutu.

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti analemba uthenga, anaufufuta, n'kuulembanso. Anauza Amisa kuti Loweruka apemphe tchuthi, akumane pa siteji ya minibasi za ku Nsanje sikisi koloko m'mawa, ndipo abweretse chitenje chifukwa kumanda sapita ndi buluku.

Anamupeza atafika kale, ataima pambali ndi kajumbo m'manja. Anapatsana moni wamba. M'minibasi munali malo awiri oyandikana kumbuyo, koma Jenifer anakhala kutsogolo pafupi ndi zenera. Kondakitala atafika pa iye, anapereka ndalama n'kuloza kumbuyo ndi mutu.

"Awiri," anatero. "Bangula."