Magalasi Awiri pa Tochi

Amene analakwira Che Salehe ndi Ellard, mnzawo woyandikana naye nyumba ku Ndirande, ndipo zinachitika mu Juni 1978.

Che Salehe ankayendetsa galimoto ya buledi, yonyamuka kusanache kupita kumagolosale a ku Chilomoni. Maso awo anali atayamba kutopa. Lole ikatulukira kutsogolo nyali zili pa fulu, ankathobwa m'maso mpaka msewu kusowa. Kwa bwana sakananena, ntchito ikanatha tsiku lomwelo.

Ellard anagwirapo ntchito yosesa m'sitolo ya magalasi ku Limbe, ndipo pochoka anazembetsa katoni ya magalasiwo. Atamva dandaulo lawo anawaitanira m'nyumba, n'kutseka zenera. Anayatsa tochi, n'kuphimba kumaso kwa tochiyo ndi galasi lakuda, lina n'kuwapatsa.

"Yang'anani tochiyi, achimwene. Tsopano tembenuzani lanulo pang'onopang'ono."

Kuwala kunazilala, kenaka kunatheratu, tochi ili chiyakire.

"Ufiti uwu?" anafunsa Che Salehe.

"Ufiti wanji, mdala? Ndi magalasi osefa kuwala. Mukavala, lole iliyonse isanduka kandulo."

Chimene Ellard sananene n'choti kuwalako kumatha pokhapokha magalasi akakhala awiri, lina pa nyali, lina pamaso. Palibe lole ya m'tauni muno imene inali nalo pa nyali zake. Iye ankadziwa, poti mwini sitolo ankauza aliyense wogula kuti awa n'ngadzuwa, mumdima asavalidwe.

M'mawa wachitatu Che Salehe akuyendetsa atavala magalasi aja, pamtsetse wolowera ku Chilomoni, lole inabwera. Nyali zake zinathobwabe, koma m'mbali mwa msewu munada bii. Mayi Lusiya, amene ankalawirira mzere wa kuchigayo atasenza thumba la chimanga, Che Salehe sanawaone mpaka anawagunda. Atatsika, chimanga chinali mbwee pa tala. Kuti akafike pamene panagona mayiyo, anachita kuchiponda, chikuphwanyika kunsi kwa nsapato.

Kukhothi Ellard anagwira Baibulo n'kunena kuti magalasiwo sanawaonepo. Che Salehe anakhala kundende zaka zisanu.

Atatuluka sanagwirenso chiwongolero. Ankasoka nsapato pakhonde ku Chemusa, ndipo ankaweruka magalimoto asanayatse nyali. Akachedwa, m'kuwala kwa galimoto iliyonse ankaonamo mayi wosenza thumba, atapereka msana, osacheuka. Ngakhale pasimenti posesedwa, kuphazi ankamva chimanga. Chimene ankafuna chinali chimodzi: Ellard akanene zoona pamaso pa Evelina, mwana wa malemuwo, amene ankalavula malovu akakumana nawo.

Mu 1987 anamupeza Ellard pachipata cha msika, ali wapampando wa nthambi ya chipani, akuona makhadi a anthu olowa. Che Salehe anatulutsa magalasi aja m'kansalu, limodzi lili losweka.

"A Ellard, kundende ndinapita ndekha, zinatha. Tiyeni kwa mwana uja, mukangonena kuti munandipatsa ndinu."

Ellard anawatenga, n'kuyang'anira dzuwa, n'kuwabweza.

"Abwino ndithu awa, achimwene. Munagula kuti?"

"A Ellard."

"Khadi lili kuti? Mukutsekereza anthu."

Che Salehe anaonetsa khadi. Kenaka anakulunganso magalasiwo, n'kubwerera ku Chemusa akuponda mosamala.

Mpaka lero Evelina amadziwa kuti mayi ake anaphedwa ndi dalaivala wopusa, wovala magalasi akuda mumdima. Dzina la Ellard sanalimvepo.