Muyeso Wachinayi wa Nyumba ya a Muhiwa

Ku Milonde kulibe munthu amene anapondako ku sekondale osamva za muyeso wachinayi. Mukamufunsa masamu a fomu 2 angokanda m'mutu, koma mungotchula a Jailosi Muhiwa, aseka mpaka misozi: "Aaa, a Chinayi aja!" Dzinali linawamatirira ngati chisoso pa thalauza, ndipo eni akewo sankadana nalo.

Anali mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi mpaka tsiku lopuma ntchito. Phunziro lawo lokondedwalo silinali n'komwe pa silabasi, koma chaka ndi chaka ankalowa m'kalasi atanyamula chinthu chimene anapanga okha ndi nsungwi: kabokosi m'kati mwa bokosi lalikulu, ngodya ndi ngodya zolumikizidwa ndi timitengo.

"Chinthu chilichonse mumachiyeza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu," ankatero. "Miyeso itatu. A masamu amati pangakhale wachinayi, mbali ina imene chala chathu sichingaloze. Ichi si bokosi la miyeso inayi ayi, n'chithunzithunzi chake chabe, monga chithunzithunzi cha mpando pansi si mpando." Ana kukamwa yasa. Ndiye ankawathira ina: "Koma a fizikisi amati wachinayiwo tili nawo kale, ndi nthawi. Ukauza mnzako kuti tikumane pamsika, pa benchi ya usipa, osamuuza liti, mukumana? Malo opanda nthawi si malo."

Tsono munthu wodziwa zonsezi anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nkando, koma atakwatira Enifa anatsatira mkazi ku Milonde monga mwa mwambo, n'kukhala pa dothi la akuchikazi zaka makumi atatu ndi zinayi. Njerwa anaumba okha pa holide, anawotcha okha, malata anakhoma ataimirira pompo kuyeza ngodya iliyonse mpaka kalipentala kunyansidwa nawo. Anabzala mapeyala asanu ndi munda wa nanazi kuseri. Anzawo ankawatsina khutu kuti, "Amwene, mlendo ndi mame. Kamangeni kenakake kwanu." Iwo ankangoseka. Mame ake ati okhala zaka makumi atatu?

Mphatso ya mwana sanalandire. Koma mng'ono wake wa Enifa atamwalira anasiya kamnyamata ka zaka zisanu, Kingstone, ndipo banjali linamutenga. A Muhiwa anamulera ngati wobala okha. Januwale aliyense ankamuimika pa felemu ya chitseko cha pabalaza, n'kulemba kamzere ndi pensulo pamwamba pa mutu wake, chaka pambali. Timizereto tinakwera kuchokera m'chiuno mwawo mpaka kuwapitirira.

"Taona," ankamuuza. "Chitseko chomwechi, mwana yemweyu, koma mizere khumi ndi itatu. Chasintha n'chiyani?"

"Nthawi, ababa."

"Basi! Muyeso wachinayi ndi umenewo. Nyumba ino ili nawo."

Enifa anagwa m'munda wa nanazi m'mawa wina wa Febuluwale, khasu lili m'manja. Pofika naye kuchipatala cha pa Boma n'kuti zitatha kale. A Muhiwa analira, osati mwachimuna mobisa ayi, analira mokuwa mpaka azimayi kuwagwira.

Patatha mwezi ndi theka kunabwera uthenga wochokera kwa a Bonface, mchimwene wake wa malemu, mwini mbumba: Loweruka kuli kusudzula. Mwambowu a Muhiwa ankaudziwa bwino. Akuchikazi amakuthokoza, amakumasula, kenako umanyamula chikwama kubwerera kwanu. Koma ankadziwanso kuti si onse amachotsedwa. Pakakhala mwana woimirira n'kunena kuti bambo anga sapita kulikonse, nkhani imathera pomwepo. Ndipo iwo mwana anali naye. Kingstone tsopano anali bambo wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, kalaliki ku esiteti ya tiyi, wokhala m'kanyumba ka kampani ndi mkazi wake Angella.

Lachitatu la sabata imeneyo Kingstone anabwera ndi tepi yoyezera. Anayeza pabalaza, anayeza chipinda chachikulu, n'kumalemba mufoni. A Muhiwa, kupusa kwake, anamugwirira mapeto a tepiyo! Mumtima ankati mwanayu akufuna kuwaikira siling'i, bambo ake asamazizidwe.

Loweruka m'mawa anthu anakhala pansi pa mpeyala waukulu, umene a Muhiwa anabzala chaka chimene anafolera nyumba. A Bonface anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu ozuna.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Palibe angakulozeni chala. Lero tikukumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Kwanu ku Nkando akulandireni ndi manja awiri."

"Zikomo alamu," anayankha a Muhiwa. "Koma kwathu n'kuti? Ku Nkando ndinachoka tsitsi lili bii. Mayi anapita, mlongo wanga anapita, minda anagawana ana ake. Ine zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu, ndikayambe kuumba njerwa? Sindikulimbirana dothi, ndi lanu. Ndikungopempha chipinda chimodzi mpaka tsiku langa, mudzandiike pafupi ndi Enifa."

"Mwambo si ine ndinaupanga, alamu."

Apa uphunzitsi unawakwera. Anaimirira, n'kuloza nyumba. "Inu mukuona m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Zimenezo n'zimene tepi imagwira. Koma nyumba iyi ili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi m'kati mwake, ndipo zaka zimenezo ndine. Simungandichotsemo ngati mukuchotsa mpando." Anatembenuka. "Kingstone, mwanangu, iwe ukudziwa. Auze."

Kingstone anayang'ana nsapato zake, anayang'ana Angella, kenako anadzutsa mutu. Ndipo tamverani mmene anayambira, anthuni:

"A Muhiwa."

Osati ababa. A Muhiwa.

"Munatiphunzitsa nokha kuti malo opanda nthawi si malo. Mukati kuno n'kwanu, tiyenera kufunsa kuti liti. Kunali kwanu mayi aakulu ali moyo. Malo ndi omwewa, inde, koma nthawi ndi ina. Ine sindikuwonjezera kanthu, ndi phunziro lanu lomwe."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa. A Bonface anagwedeza mutu monyadira, kuti mbumba yawo ili ndi mwana wophunzira. A Muhiwa anakhala pansi pang'onopang'ono. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti yankholo linali lokhoza. Pa ana onse amene anadutsa m'manja mwawo, mazanamazana ongoloweza n'kuiwala, mmodzi yekha ndiye anamvetsa phunziro lija mpaka pansi pake, ndipo anali uyu. Akanakhala m'kalasi akanamuuza kuti anzake amuwombere m'manja.

Anawapatsa masabata awiri. Tsiku lonyamuka a Muhiwa anapempha chinthu chimodzi chokha: felemu ya chitseko cha pabalaza. Anati abweretsa kalipentala aike ina yatsopano.

Anayankha ndi Angella, atagwada mwaulemu wonse. "Pepani bambo, kugumula khoma n'chintchito. Komanso musadandaule nazo zolembalembazo, penti tagula kale."

Kingstone sanaoneke. Akuti kunali kuwerengera masamba ku esiteti.

Choncho mphunzitsi uja anakwera kabaza ndi sutikesi imodzi, thumba la mabuku, ndi bokosi lake la nsungwi atalikumbatira pamiyendo. Pamsewu waukulu kondakitala wa minibasi analiyang'ana n'kufunsa ngati ndi khola la nkhunda. Asanayankhe n'komwe, mnyamatayo analilanda, n'kulikankhira kumbuyo, n'kuponyapo thumba la chinangwa. Linangoti phwa! Potsika pa Nkando anawapatsa timitengo taphwatalala tolendewera pa ulusi. A Muhiwa anatiyang'ana kanthawi, n'kutisiya m'ngalande. Analibenso woti amuonetse.

Njira ya kumudzi anachita kufunsa. Pamene panali nyumba ya mayi awo panali chigayo, ndipo mtengo wa mango umene ankaudziwa unasanduka chitsa. Ana ankawathawa, kuwayesa wogula nandolo. Pomaliza anapeza khomo la Leah, mwana wa malemu mlongo wawo, mayi wa ana asanu m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Leah anawalandira sutikesi, anawayalira mphasa pakhonde, anawapatsa madzi akumwa. Anapepesa za maliro, kuti analephera kubwera chifukwa mwana anadwala. Anali munthu wabwino ndithu, palibe chomunenera. Koma maso ake ankangopita ku sutikesi ija, n'kubwerera ku chitseko cha nyumba yake, ngati nayenso akuyeza ndi tepi. Kenako anagwada pafupi, n'kutsitsa mawu kuti ana asamve.

"Takulandirani, amalume, pano m'pakwanu. Kungoti bambo a kuno akabwera andifunsa, ndiye ndidziwiretu chowayankha. Mukhala mpaka liti?"

A Muhiwa anatsegula pakamwa. Zaka zonse zija anakalipira ana a eni kuti funso limenelo lisamasowe yankho, kuti malo opanda nthawi si malo. Anayang'ana kapu ili m'manja mwawo.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Limenelo sindikulidziwa."