Makina a Mateyo Ali Zidutswazidutswa

Mateyo atamwalira, anasiyira mkazi wake Stelia ana atatu ndi makina amodzi oswera mtedza. Makinawo anawapanga yekha kwawo ku Guilleme: kudula chitsulo, kupinda, kuwotcherera, mpaka kuboola sefa yake. Munthu ankangopukusa chogwirira, mtedza n'kumagwa wamphumphu, makoko n'kumapita kwaokha.

Mvula itangoyamba, kalabu ya alimi a kwa Zulu inatuma wapampando wake, a Enoki, kudzapempha makina otere khumi, kuti afike anthu asanakumbe mtedza. Stelia anavomera. Kuwotcherera sankadziwa, koma ankadziwa kolowera. Kungodutsa pa Boma, panjira yopita ku Mwami, panali shedi ya a Gerald, ndipo panja pake pankandandalika njinga zamoto ndi mapampu othirira, zonse zatsopano, zonyezimira. Iye ankati wopanga njinga yamoto sangalephere makina a mtedza.

Anawanyamulira pagalimoto mpaka kushediko.

"Ngati awa, mungandikonzere khumi?"

A Gerald anapukusa chogwirira n'kumwetulira. "Izi n'zosavuta, mayi. Asiyeni pano antchito anga awaphunzire. Zonse zikakhala m'malo, ife sitichedwa."

Miyezi inapita. Stelia akaimba foni, yankho linkakhala lomwelo: "Ife takonzeka, tikungodikira inuyo." Iye ankamva kuti makina atha, angotsala kukatengedwa.

Mtedza utakhwima, anapita ndi a Enoki palole yobwereka. A Gerald anatuluka mwansangala, n'kukasuzumira kumbuyo kwa lole. Nkhope yawo inasintha.

"Mayi, katundu ali kuti?"

"Ndi amene tadzatengayo."

"Ayi, ndikunena zitsulo zake. Masefa, miyendo, zogwirira, mabawuti. Mwabwera chimanjamanja?"

Stelia anawayang'ana ngati akulankhula chinenero china. Anawalambalala n'kulowa m'shedi. Munalibe makina owotcherera, munalibe chodulira chitsulo, ngakhale fungo la moto. Munali makatoni okhaokha ochokera kubodala, masipanala, ndi amuna awiri akumangirira tayala panjinga. Kukona, pasaka yoyala pansi, panali zitsulo zoikidwa bwinobwino m'mizere, chilichonse chili ndi nambala ya choko. Anazindikira chogwirira, chimene Mateyo anachikulunga ndi mphira wa tayala kuti chisamapweteke m'manja.

"Mayo ine!" Stelia anakhala pansi pomwepo. "Mwaphwasula makina a malemu?"

"Tinamasula kuti tidziwe chimene chimalowa pati," anatero a Gerald. "Mayi, ife sitipanga kanthu pano. Timalumikiza. Njinga mukuzionazi zimabwera m'makatoni, zopangidwa kale kutali. Ife n'kungomanga basi. Ndimayesa muli ndi wina amene akukudulirani zitsulo."

"Wondidulirayo ali kumanda!"

A Enoki anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Ndiye kwathu ndikanene chiyani?" anafunsa. "Anthu ayamba kale kukumba."

A Gerald anakodola antchito awo aja. Onse atatu anagwada pasaka paja, ndipo Stelia anaonerera makina a mwamuna wake akuimanso, mwendo ndi mwendo, bawuti ndi bawuti. Dzuwa lisanapendeke anali atatha, akupukusika bwino kuposa kale. Chimenechi ndiye chinamuwawa kwambiri: anthuwo ntchito yawo ankaidziwadi.

Lole yaikulu ija inabwerera ndi makina amodzi. Stelia sanatsike ku Guilleme. Anapitirira mpaka kwa Zulu, n'kukaima pamaso pa alimi, n'kufotokoza yekha zimene zinachitika. Ena anachoka asanamalize. Mayi wina anamulalatira mpaka mawu kusasa.

Chaka chimenecho makinawo anayenda pangolo mudzi ndi mudzi, Stelia akuwatsata pambuyo, ndipo ambiri anaswa mtedza wawo ndi manja. Pambuyo pake Stelia anapeza wowotcherera wina pamsika wa pa Boma amene anavomera kuyesa kudula zitsulozo. Sefa yake yoyamba inaphwanya mtedza wonse. Yachiwiri inali yabwinoko.